Ujeni, Ujeni2 ndi Ujeni3

Kwathu ku Wimbe, m'nyumba mwathu, zinthu sizinkatchulidwa maina kawirikawiri. Amayi ankati, "Tenga ujeni uike pa ujeni," ine n'kutenga chipande n'kukaika pa thandala, ndipo ndinkalondola. Abambo akamachoka ankangoti akupita kwa aujeni, tonse n'kudziwa ngati ndi kwa amalume kapena ku msonkhano wa kumpingo poona nsapato zimene avala. Ndinakula ndikuganiza kuti kutchula chinthu dzina lake lonse ndi mwano pang'ono, ngati kuloza munthu wamkulu ndi chala. Zinkandiyenera, chifukwa ndinali mwana wosakonda kuyankhula. Ngakhale m'kabuku kamene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku, liwu limeneli lili ponseponse. Pena ndinalemba kuti, "Lero ujeni wandibwereka ujeni wake, ndasangalala." Pano sindidziwanso kuti anali ndani, kapena anandibwereka chiyani.

Zinali zaka za makuponi. Kuponi ikabwera, sinkakhala ya nyumba imodzi. Matumba awiri aja, la feteleza wokulitsa ndi la wobereketsa, ankagawana mabanja angapo pogwiritsa ntchito ndowa. Chaka chimene ndinali Fomu 2, kuponi inagwera amayi, ndipo oyenera kugawiridwa anali amayi aang'ono ndi azakhali. Onsewa ankakhala kutsidya kwa dambo. Amayi aang'ono anachedwa kudzala, choncho ankafuna wokulitsa. Azakhali anadzala ndi mvula yoyamba, chimanga chawo chinali chitafika kale m'mawondo, choncho ankafuna wobereketsa. Amayi anathira m'timatumba tiwiri tofanana, n'kumanga pakamwa ndi luzi.

"Aka ukasiye koyamba, aka kachiwiri," anatero pondisenzetsa.

Njira ya masiku onse inkadutsa m'dambo n'kutulukira kwa amayi aang'ono, kenako kwa azakhali. Tsikulo dambo linali litadzaza, ndiye ndinazungulira kumsewu, ndipo nyumba yoyamba kufika inali ya azakhali. Ndinasiya kathumba koyamba pa nyumba yoyamba, kachiwiri pa nyumba yachiwiri. M'mawa mwake azakhali anatulukira kathumba kali pamutu, akuseka.

"Mlamu, chimanga changa ndi namwali, inu mwanditumizira phala la makanda."

Palibe anandikalipira. Amayi anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Paja ndinati koyamba." Mumtima ndinkati kunalidi koyamba.

Chaka chomwecho kusukulu kwathu kunali malaputopu akale amene anthu ena achifundo anatumiza, pamodzi ndi magetsi a dzuwa. Ankasungidwa m'kachipinda koyandikana ndi ofesi ya ahedi, kamene kale munkakhala makasu a kumunda wa sukulu. Amene ankadziwa za makinawo anali Madamu a masamu, mayi wamfupi woyenda mofulumira, amene choko sichinkachoka m'manja mwawo. Anayambitsa kalabu ya masana tikaweruka. Ankatiphunzitsa kulamula kompyuta m'chiyankhulo chotchedwa Python, dzina limene anati ndi la nsato, anyamata n'kumafunsa ngati imameza mbuzi.

Tinkakhala awiriawiri pa laputopu imodzi. Mnzanga anali mtsikana wa ku Phalombe, mwana wa matenanti a pa esiteti ina ya fodya pafupi ndi sukulu. Anali wamtali, wa mawu aakulu, ndipo ankamenya mabatani ngati akukhoma misomali. Ankanditchula Sisitere chifukwa ndinkayenda mutu uli pansi. Sindinamuuzepo kuti dzinalo ndinkalikonda.

Ndinaikonda kalabuyo pa chifukwa chimene nthawi imeneyo sindikanatha kuchifotokoza. M'kalasi aphunzitsi akandiloza, yankho linkandiuma pakhosi ngakhale ndikulidziwa. Kompyuta sinkandiloza. Inkadikira mpaka nditamaliza kulemba, ndipo ndikalakwitsa sinkauza munthu.

Mwezi wa Januwale tinafika pa mafankishoni.

"Fankishoni ndi mwana womutuma," anatero Madamu. "Umamuphunzitsa ntchito kamodzi, n'kumupatsa dzina. Ukamufuna umamuitana dzinalo, n'kumupatsira katundu wake m'mabulaketi. Katunduyo amatchedwa maagyumenti."

"Madamu, agyumenti si mkangano?" anafunsa mnyamata wina wa Fomu 3. "A Chingelezi anatiuza choncho."

"Ukalakwitsa kupatsira katunduyo, mkangano ubwera wokha. Lemba."

Sabata yomweyo Madamu anatiuza za mabatire. Mvula inali itakhazikika, dzuwa linkangosuzumira, ndipo mabatire sankadzaza. Malaputopu onse sakanatha kuyaka nthawi imodzi. Kalabu inayenera kuchepa ndi theka mpaka mvula itatha.

"Sindisankha ndi nkhope," anatero. "Aliyense alembe fankishoni yake, ya ntchito imene amaidziwa kunyumba. Lachisanu la sabata ya mawa, mnzako ndiye adzaiitane. Iwe mwini wake udzaima kukhoma, pakamwa potseka. Ikagwira ntchito m'manja mwa mnzako, mpando ndi wako. Ikakana, tidzaonana chilimwe."

Mnzanga anandigunda ndi chigongono. "Zotseka pakamwazo wakhoza kale, Sisitere."

Kunyumba ndinauza amayi, amayi n'kuuza abambo. Abambo anali ndi ekala ya fodya kuseri kwa nyumba, ndipo masamba a pansi anali atayamba kupsa. Sanakwiye, sanasangalale.

"Za makinazo zikatha, uziti ukaweruka n'kulunjika kuchigafa," anatero. "Osoka akuchepa."

Kusoka fodya sindinkadana nako. Umakhala pamthunzi, singano yaitali m'manja, kubaya mapesi a masamba n'kumanga, phula lakuda likumata zala. Koma kuchigafa kunkakhala amayi a m'mudzi ocheza kwambiri, ofunsa mafunso oti uyankhe anthu onse akumva. Ndinkadziwanso kuti wotuluka m'kalabu mu Januwale sadzawapeza anzake chilimwe. Adzakhala atapita patali.

Ndinasankha kulemba fankishoni yolangiza mlimi za feteleza. Feteleza wokulitsa tinkamutchula kuti chitowe, wobereketsa n'kumati yureya. Ndinailemba mosamala, ndikuwerenga mzere uliwonse kawiri.

def langiza(ujeni, ujeni2, ujeni3):
    print("M'munda wa", ujeni)
    print("mbewu ikangomera thirani", ujeni2)
    print("ikafika m'mawondo thirani", ujeni3)

Ndinaiitana ndekha, n'kuipatsira chimanga, chitowe ndi yureya, motsatana choncho. Inayankha bwinobwino. Madamu anali atanena kuti katundu aliyense tizimupatsa dzina m'mabulaketi a mzere woyamba, ndipo ine ndinaona kuti ndawapatsa. Kwa ine ujeni woyamba anali mbewu, wachiwiri anali wa poyamba kuthira, wachitatu wa pambuyo. Sindinkaona chovuta.

Lachitatu Madamu anati tiyeserere. Ndinasuntha, mnzanga n'kukokera laputopu kwa iye. Anayang'ana mzere woyamba, n'kundiyang'ana ine.

"Ndiike chiyani?"

"Usamuuze," anatero Madamu ali kutsogolo. "Lachisanu sadzayankhula."

"Ngati kuti lero akuyankhula," anatero mnzanga, n'kulemba.

langiza("yureya", "chimanga", "chitowe")

Kompyuta inayankha mosazengereza kuti m'munda wa yureya, mbewu ikangomera thirani chimanga. Mnzanga anawerenga mokweza, chipinda chonse chinaseka. Mnyamata wa Fomu 3 uja anati akufuna mbewu ya yureyayo akadzale kwawo, asiye kudikira kuponi. Ine ndinayang'ana zala zanga.

Mnzanga anafufuta n'kuyesanso. Ulendo uno anayamba ndi chimanga, kenako yureya, kumalizira chitowe. Pagalasi panatuluka mizere itatu yaudongo.

"Yatheka," anatero, n'kutsamira kumbuyo.

Madamu anabwera, anawerama, anawerenga. "Chimanga chikangomera mumathira yureya kwanu?"

"Ayi, Madamu. Yureya ndi wobereketsa, ndikudziwa. Koma ujeni2 ndi ndani? Ine ndadziwa bwanji kuti woyamba ndi uti?"

Madamu anaweramuka. Kenako anagogoda tebulo ndi choko kuti onse amve.

"Taonani kuno nonse. Yoyamba ija munaseka, chifukwa munda wa yureya kulibe. Iyi palibe waseka. Kompyuta sinadandaule, mnzanuyu anati yatheka, ndipo mlimi akanapita kukathira. Kompyuta imangowerenga malo. Choyamba kufika imachiika pa malo oyamba, chachiwiri pa malo achiwiri. Sidziwa chitowe, sidziwa yureya."

Ndinakumbukira dambo lodzaza lija ndi azakhali atasenza kathumba.

"Ndiye kutuma kuli pawiri," anapitiriza Madamu. "Ukhoza kumupatsira mwana katundu motsatana, n'kukhulupirira kuti sasokoneza. Kapena ukhoza kumata dzina pa katundu aliyense. Umalemba dzina la malo ake, chizindikiro cha ikwo, kenako katunduyo. Zimenezi timati makiwedi. Ukatero, kaya uyamba ndi chiti, chilichonse chikafika kwake."

Anakokera laputopu n'kulemba okha.

langiza(ujeni3="yureya", ujeni="chimanga", ujeni2="chitowe")

Malangizo anatuluka olondola, ngakhale anayamba ndi chakumapeto. Ena anati tionenso. Madamu anasinthanso dongosolo, yankho linakhala lomwelo.

"Mwaona? Koma kuti ndilembe zimenezi ndachita kuwerenga fankishoni yonse mpaka pansi, kuti ndidziwe kuti ujeni3 ndi ndani. Dzina lomata pa katundu ndi ujeni. Likuthandiza ndani?" Anatembenukira kwa ine, mawu awo n'kutsika. "Iwe, amayi ako akamakutuma amati chiyani?"

"Ujeni," ndinanong'ona.

"Sindinamve."

"Akuti ujeni, Madamu," anatero mnzanga.

Anthu anasekanso, koma kuseka kwake kunali kwina. Mtsikana wina kumbuyo anati amayi ake nawo ndi choncho. Wina anati agogo ake amatchula ana onse kuti ujeni, ndipo woyenerayo amavomera yekha.

"Kunyumba zimatheka chifukwa mumadya mbale imodzi," anatero Madamu. "Mnzakoyu sanakulire kwanu. Lachisanu pakamwa pako padzakhala mzere woyambawu. Ukonze."

Batire linatha tisanakonze chilichonse tsikulo. Lachinayi ndinapeza mpata waung'ono. Kusintha mainawo kunanditengera nthawi kuposa kulemba fankishoni yonse. Ndinkalemba, n'kufufuta. Dzina lililonse linkaoneka lalitali, lodzionetsera, ngati ndaimirira pa asembule n'kuyamba kulengeza. Poyamba ndinalemba woyamba ndi wachiwiri, kenako ndinaona kuti ndi ujeni yemweyo wavala malaya ena. Pomaliza ndinalemba maina amene aliyense wolima chimanga amawadziwa.

def langiza(mbewu, wokulitsa, wobereketsa):

Ndinasinthanso mizere ya m'munsi kuti igwirizane. Kalembedwe ndinakasamala monga ndinkasamalira m'mayeso a Chichewa, phunziro lokhalo limene aphunzitsi ankawerengera anzanga chimangirizo changa. Feteleza ndi mmodzi, choncho ndi wokulitsa, ndi w kumayambiriro. Mnzanga tsikulo sanabwere. Pa esiteti pankathyoledwa fodya, ndipo ana a matenanti masiku otero ankajomba.

Lachisanu kunacha ndi mitambo, kamvula kowaza kosaleka. Madamu anayatsa malaputopu awiri okha, n'kunena kuti tizifulumira chifukwa kanyali ka batire kanali katayamba kuphethira. Awiriawiri tinkapita kutsogolo, ena onse ataunjikana kumbuyo. Fankishoni ya mnyamata wa Fomu 3 inagwira. Ya mnzake inakana chifukwa anaiwala kutseka bulaketi, ndipo anatuluka panja osadikira kuti tithe.

Itafika nthawi yathu, tinayamba ndi ya mnzanga. Yake inali yolangiza kaphikidwe ka kalongonda, nyemba za kwawo zimene ankati ife a kuno sitingazithe. Iye anaima kukhoma akutafuna kolala ya yunifolomu kuti asayankhule. Maina ake anali omveka, ndinamata lililonse pa katundu wake, inagwira. Anabwera akuvina pang'ono.

"Kukhoma, Sisitere. Pita ukapemphere."

Ndinaima kukhoma, manja kumbuyo. Khomalo linali lozizira, laimu wake akundipaka pa siketi. Galasi la laputopu ndinkaliona bwinobwino podutsa pa phewa lake. Anayang'ana mzere woyamba mothamanga.

"Eya, lero ana ali ndi maina," anatero. "Ndiyambira kumapeto, tione ngati mwana wako ali ndi nzeru."

Anayamba kukhoma misomali yake ija.

langiza(wobereketsa="yureya", mbewu="chimanga", okulitsa="chitowe")

Ndinaona asanamalize. Liwu la wobereketsa analikopera pa mzere wa pamwamba chifukwa ndi lalitali, koma lomalizalo analilemba kuchokera m'kamwa mwake, monga ankalinenera iye, monganso ankalinenera pafupifupi aliyense pamsika ndi pa depoti ya feteleza. Anadina batani. Pagalasi panatuluka zilembo zofiira.

Mnzanga anasendeza nkhope pafupi. Anadinanso, zofiira zomwezo.

"Madamu, ya Sisitere yafa."

Kumbuyo wina anati pepa. Kanyali ka batire kankaphethirabe. Chilembo chimodzi chokha chinali pa lilime langa, ndipo kwa nthawi yoyamba kusukulu imeneyo ndinafuna kuyankhula anthu onse akumva. Ndinatsegula pakamwa. Madamu anandiyang'ana, n'kukweza choko pang'ono. Ndinatseka.

Mnzanga anali atayamba kukankha mpando kuti adzuke.

"Khala pansi," anatero Madamu. "Wawerenga zofiirazo?"

"Ndi Chingelezi cha makina, Madamu."

"Werenga mzere womaliza. Mokweza."

Anawerenga mopunthwapunthwa, chala chili pagalasi. Mawu onse anali achingelezi kupatula lomaliza, limene linali lake lomwe.

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti okulitsa sikumudziwa. Sinamuyembekezere."

"Ndiye ikudziwa ndani?"

Mnzanga anakweza chala kupita pa mzere woyamba, n'kuyamba kuyenda nacho pang'onopang'ono. Anadutsa mbewu. Anafika pa liwu lachiwiri, n'kuima. Anatsitsa chala pa mzere wake, anakwezanso. Kenako anatembenuka thupi lonse kundiyang'ana.

"Wokulitsa. Sisitere, amene amanena kuti wokulitsa ndi ndani? Wowerenga nkhani pa wailesi?"

"Ndi buku," anayankha mnyamata wa Fomu 3. "Ameneyo amalota m'Chichewa cha mayeso."

"Lemba, batire likutha," anatero Madamu.

Anaika w uja ndi chala chimodzi, mwamphamvu, n'kudina. Mizere itatu inatuluka. M'munda wa chimanga, mbewu ikangomera thirani chitowe, ikafika m'mawondo thirani yureya. Madamu anawerenga mpaka pansi, n'kugwedeza mutu.

"Nonse awiri Lolemba mubwere. Otsatira."

Ndinachoka kukhoma. Mnzanga anandisasa laimu kumbuyo kwa siketi, akung'ung'udza kuti chilembo chimodzi chikanandipititsa kuchigafa, ndipo iye akanakhala ndi ndani, anyamata onunkha thukutawo? Laputopu inazima awiri otsatira atangomaliza.

Pobwerera kunyumba ndinkaganiza za zolakwika ziwirizo. Cha Lachitatu chinadutsa mwakachetechete, mizere yake yaudongo, ndipo pakanapanda Madamu palibe akanachiona. Cha Lachisanu chinachita phokoso, chinafiira pamaso pa anthu onse, koma chinanena chokha pamene panali vuto. Kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti kulakwitsa koipa ndi kumene anthu akuona.

M'kabuku kanga tsikulo ndinalemba mizere iwiri yokha. Ndinalemba kuti kunagwa mvula yowaza, ndi kuti mnzanga wa ku Phalombe anaiwala w. Ndi tsamba limodzi mwa ochepa a chaka chimenecho limene ndimaliwerenga n'kudziwa amene ndinkanena.

Ndinakhalabe m'kalabu mpaka mvula inatha. Kuchigafa ndinkapita Loweruka lokha. Abambo atamva kuti mpando ndausunga anangoti, "Chabwino," n'kukauza mwana wa amalume kuti azibwera kudzasoka masana.

Loweruka lotsatira amayi anali pakhonde akusankha nyemba, ine ndikutsuka mbale. Pafupi ndi chitseko panali lichero, sefa ndi beseni.

"Tandipatsira ujeni," anatero osadzutsa mutu.

Ndinkadziwa kuti ndi lichero. Komabe ndinafunsa.

"Chiti, amayi?"

Anasiya nyemba, n'kundiyang'ana.

"Wayamba liti kufunsa?"

"Lichero?"

"Ujeni yemweyo," anatero, n'kutambasula dzanja.